KADZIDZI WA KU ATHENS NDI TAMBALA WA KU MALAWI

Pa msika wa Mponela, pa Madisi, pa Malomo kapena pa boma la Ntchisi, palibe mawu amene amatchulidwa kawirikawiri kuposa akuti "ndalama". Mlimi wa fodya amawatchula pokambirana ndi aganyu, mayi wogulitsa mtedza amawatchula powerengera zimene wapeza, ndipo ngakhale mwana wa zaka zitatu amawadziwa. Anthu ambiri amayesa kuti mawuwa anabadwira m'mapiri momwemo, monga mmene anabadwira mawu akuti khasu, mtondo ndi nkhokwe. Koma akatswiri a zilankhulo amafotokoza kuti mawu amenewa ndi obwera, ndipo anayenda ulendo wautali. Anachokera ku mawu a Chiarabu akuti darahim, kutanthauza ndalama zambiri za mtundu wa dirham. Dzina la dirham nalonso gwero lake ndi Agiriki akale, amene ndalama yawo ya siliva inkatchedwa drachma. Choncho munthu aliyense wotchula ndalama ku Dowa amakhala akutchula dzina la Chigiriki la zaka zoposa 2,500.

Nkhani ino ikufotokoza za ndalama za Agirikiwo, makamaka zithunzi zimene ankadinda pa ndalamazo, ndiponso phunziro limene zithunzizo zili nalo kwa anthu a dziko lino.

Agiriki, amene Buku Lopatulika limawatcha Ahelene, sanayambe ndi ndalama zozungulira ayi. Poyamba ankasinthana katundu ndi katundu, ndipo chuma cha munthu chinkawerengedwa ndi ng'ombe. M'madera ena ankagwiritsa ntchito timitengo tachitsulo towotchera nyama. Kamtengo kamodzi kankatchedwa obelos, ndipo timitengo tisanu ndi kamodzi ndito tinkadzaza dzanja la munthu. Kudzaza dzanja kumeneku ndiko kunabala dzina la drachma, pakuti mawuwa amachokera ku mneni wa Chigiriki wotanthauza kufumbata. Zimenezi sizingadabwitse akuluakulu a m'chigawo cha pakati, pakuti makolo akuno nawonso ankagula zinthu ndi makasu osulidwa kuchokera ku ng'anjo, pamodzi ndi mchere, mikanda ndi nsalu. Chitsulo chimene munthu angagwirire ntchito chinali chuma ku Greece monga momwe chinalili kuno.

Ndalama zoyamba zodindidwa zinaoneka ku Lydia, dera limene tsopano lili m'dziko la Turkey, zaka zoposa pang'ono 600 Khristu asanabadwe. Zinali timibulu ta golide wosakanikirana ndi siliva, ndipo zambiri zinali ndi mutu wa mkango, chizindikiro cha mafumu a kumeneko. Mizinda ya Agiriki inatengera nzeru imeneyi mosachedwa, koma yambiri inasankha siliva.

Kodi chidindo chinathetsa vuto lanji? Chidindo chisanabwere, wamalonda aliyense wolandira siliva ankayenera kumuyeza pa sikelo ndi kumuyesa ngati ali weniweni, ndipo mikangano siinkatha. Chidindo chinali mawu a mzinda wonse, onena kuti kachitsulo aka ndi siliva wabwino, kulemera kwake nkokwanira, ndipo mzindawo ukuikirapo umboni. Popeza anthu ambiri sankadziwa kuwerenga, mawuwo anayenera kukhala chithunzi chimene aliyense angachizindikire pongochiona kamodzi.

Dziko la Greece panthawiyo silinali pansi pa mfumu imodzi. Linali mizinda yambirimbiri yodzilamulira yokha, ina pa zilumba, ina m'mphepete mwa nyanja ku Italy, ku Sicily ndi kumpoto kwa Africa. Mzinda uliwonse unasankha chithunzi chonena za moyo wake. Chilumba cha Aegina, chimene anthu ake anali amalonda a panyanja, chinadinda kamba wa m'nyanja. Mzinda wa Corinth, umene owerenga Baibulo amaudziwa ndi dzina la Korinto, unadinda kavalo wamapiko wa m'nthano zake. Mzinda wa Metapontum, kumwera kwa Italy, unali ndi minda yachonde, ndipo unadinda ngala ya barele. Akragas ku Sicily unadinda nkhanu ndi chiwombankhanga. Cyrene, mzinda wa Agiriki m'dziko limene lero ndi Libya, unadinda chomera chotchedwa silphium, chimene chinali mankhwala ndi chokometsera ndiwo, ndipo chinalemeretsa mzindawo monga momwe fodya wathandizira Dowa ndi Kasungu.

Koma ndalama imene inatchuka kuposa zonse inali ya mzinda wa Athens, imene inayamba kudindidwa zaka zoposa pang'ono 500 Khristu asanabadwe. Mbali imodzi inali ndi mutu wa Athena, mulungu wamkazi amene anthu a mzindawo ankamupembedza, atavala chisoti cha nkhondo. Mbali inayo inali ndi kanthambi ka mtengo wa azitona, malembo atatu oyamba a dzina la mzindawo, ndi kadzidzi wa maso aakulu ataima chilili.

Apa womvera wa ku Ntchisi akhoza kugwira pakamwa. Kuno kadzidzi ndi mbalame ya malodza. Akalira pa denga usiku, a m'nyumbamo sagona tulo, ndipo ena amamutchula pamodzi ndi afiti. Ndani angalandire ndalama yokhala ndi mbalame yotere? Koma kwa anthu a ku Athens kadzidzi anali mbalame ya Athena, chizindikiro cha nzeru, popeza amaona bwino pamene zolengedwa zina zili mu mdima. Phunziro loyamba ndi limeneli: chithunzi pachokha chilibe tanthauzo. Tanthauzo amapereka ndi anthu amene agwirizana kuti chithunzicho chiziimira chakutichakuti.

Ndalama yaikulu ya kadzidzi inali ya madrachma anayi, ndipo inkalemera magalamu 17, kuposa hafukolona imene akuluakulu akuikumbukira. Amisiri omanga kachisi wina pa phiri la Acropolis, cha m'ma 408 Khristu asanabadwe, ankalandira drachma imodzi pa tsiku, kotero kuti kadzidzi mmodzi anali malipiro a masiku anayi a mmisiri. Ndalamazi sizinkapangidwa ndi makina. Mmisiri ankazokota chithunzi pa chitsulo cholimba chimene ankachikhazika pansi, naika kambulu ka siliva pamwamba pake, nasanjikapo chidindo chachiwiri, kenaka n'kumenya ndi nyundo. Ndicho chifukwa chake ndalama zimenezi sizozungulira bwino, ndipo zina chithunzi chake chinapendekera mbali imodzi.

Mphamvu ya kadzidzi inkachokera pansi pa nthaka. Kumwera kwa Athens, ku Laurion, kunali migodi ya siliva, ndipo okumbamo anali akapolo zikwizikwi, okwawa m'mauna opapatiza ndi tinyali tamafuta. Mbiri siiyenera kubisa kuti ndalama yokongolayo inadzera m'thukuta la anthu opanda ufulu. M'chaka cha 483 Khristu asanabadwe kunapezeka siliva wochuluka kwambiri, ndipo panali maganizo akuti nzika zigawane. Mtsogoleri wina dzina lake Themistocles anawakopa kuti asagawane, koma akhome zombo za nkhondo. Patangopita zaka zitatu, m'chaka cha 480, zombo zomwezo zinathandiza kugonjetsa ankhondo a ufumu wa Persia pa Salamis. Chuma chimene chikanathera m'matumba a anthu chinapulumutsa mzinda.

Popeza siliva wa Athens anali wabwino ndipo kulemera kwa ndalama sikunkasinthasintha, kadzidzi anauluka kutali. Ndalama zimenezi zafukulidwa ku Egypt, ku Syria, ku Sicily mpaka ku Afghanistan. Mitundu ina, monga ya ku Egypt ndi ya kumwera kwa Arabia, inkadinda akadzidzi akeake potsanzira, chifukwa amalonda anali atazolowera chithunzicho. Eni ake, podziwa zimenezi, sanafune kusintha chithunzi kwa zaka mazana, kuopa kuti ogula angayambe kukayika. Komabe amalonda ochenjera sankakhulupirira chithunzi chokha. Ndalama zambiri zofukulidwa zili ndi zipsera za tchizulo, pamene wina anatema kuti aone ngati m'kati mulinso siliva. M'chaka cha 375 Khristu asanabadwe mzinda wa Athens unakhazikitsa lamulo lakuti woyesa ndalama azikhala pa msika, kuti aliyense wokayika apite kwa iye.

Tsiku linafika pamene lonjezo la kadzidzi linasweka. Athens anamenyana ndi mzinda wa Sparta kuyambira m'chaka cha 431 mpaka 404 Khristu asanabadwe. M'chaka cha 413 adaniwo anamanga linga pa Decelea, m'dziko la Athens momwemo. Wolemba mbiri Thucydides akuti akapolo oposa 20,000 anathawa, ndipo ntchito ya m'migodi inalowa pansi. Siliva atasowa, mzinda unasungunula mafano a golide a m'kachisi, ndipo cha m'ma 406 unayamba kudinda ndalama za mkuwa zokutidwa ndi siliva pamwamba pokha. Athena anali yemweyo, kadzidzi anali yemweyo, malembo anali omwewo, koma anthu anadziwa kuti m'kati mwasintha, ndipo anayamba kubisa ndalama zakale n'kumagulira zatsopanozo. Phunziro lachiwiri ndi limeneli: chithunzi chimalonjeza, koma chimene chimakwaniritsa lonjezo ndi chuma chenicheni chimene chili kuseri kwake.

Tsopano nkhani ibwerere kuno. Dzina la drachma linadzera ku Persia ndi ku Arabia, ndipo amalonda a zombo analifikitsa ku gombe la kum'mawa kwa Africa, kumene mizinda monga Kilwa inkagula golide ndi minyanga yochokera kumtunda. M'Chishona mawu akuti ndarama amatanthauza golide. Kuti malonda amenewa anafika m'dziko la Amaravi, umboni ulipo: pa Mankhamba, m'boma la Dedza, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi ndi mapale a mbale za ku China. Pambuyo pake, kuyambira m'zaka za m'ma 1840, a Jumbe a ku Nkhotakota, kumunsi kwa mapiri a Ntchisi, ankachita malonda a minyanga ndi akapolo ndi anthu a ku gombe. Motero dzina la ndalama linafika kuno ndalama yeniyeniyo isanazolowereke m'midzi.

M'chaka cha 1889 abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikitsa mishoni pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere. Anafuna anthu owumba njerwa, ocheka matabwa ndi onyamula katundu, koma ndalama za boma zinali zosowa m'deralo. Choncho mishoni inapanga timakobidi takeake tachitini, todindidwa malembo awiri akuti MM, oimira Mvera Mission. Wantchito ankalandira timeneti, n'kukasinthitsa ndi katundu ku sitolo ya mishoni. Kachitini kameneka pakokha kanalibe mtengo. Anthu ankakalandira chifukwa ankadziwa amene anakadinda ndi kumene angakapite nako. Zimene malembo atatu ankachita ku Athens, malembo awiri anazichita m'mapiri a Dowa.

Chimene chinalowetsa ndalama m'nyumba iliyonse ndi msonkho. Boma la Atsamunda, pansi pa Harry Johnston, linaika msonkho wa masheleni atatu pa nyumba, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 unali utafika m'chigawo cha pakati. Msonkho umenewu unatulutsa amuna m'midzi kupita ku minda ya Azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje, ku Halale ndi ku Joni. Ndalama imene ankabwera nayo inali ndi mutu wa mfumu ya ku Britain. Mizinda yakale ya Agiriki inkapewa kuika nkhope ya munthu wamoyo pa ndalama, pakuti malo amenewo anali a milungu ndi zizindikiro za mzinda wonse. Mwambo wa mitu ya mafumu unakula Alexander Wamkulu atamwalira m'chaka cha 323 Khristu asanabadwe, pamene Ptolemy, mmodzi wa akazembe ake amene anatenga Egypt, anadinda nkhope yake. Aroma anapitiriza, mafumu a ku Ulaya anatsatira, mpaka mwambowo unafika pa boma la Dowa m'thumba la wokhometsa msonkho.

M'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kunatuluka ndalama zina kuyambira m'chaka cha 1955. Khobidi linali loboola pakati, lokhala ndi njovu ziwiri; tiki inali ndi duwa; sheleni inali ndi mphalapala; ndipo ya masheleni awiri inali ndi nkhwazi itagwira nsomba. Zithunzizo zinali zokongola, koma zinkanena za nyama za m'tchire ndi maluwa. Za mlimi ndi ntchito yake panalibe.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, ndalama zinayamba kulankhula zina. Mbali imodzi kunali mutu wa Dr H. Kamuzu Banda. Mbali inayo, sikisipensi inatenga tambala, sheleni inatenga zisononkho za chimanga, ya masheleni awiri inatenga njovu, ndipo hafukolona inatenga chizindikiro cha boma. Chimanga pa sheleni chinkanena chomwecho chimene barele wa ku Metapontum ankanena, kuti chuma chili m'nthaka. M'mwezi wa February 1971 mapaundi ndi masheleni anasiyidwa, ndipo kunabwera kwacha ndi tambala. Makwacha awiri anali paundi imodzi, ndipo 10 tambala inalowa m'malo mwa sheleni n'kusunga chimanga chake, pamene 20 tambala inasunga njovu. Maina omwewo anali chithunzi: "kwacha" anali mfuu ya omenyera ufulu, ndipo tambala ndiye amalengeza kuti kunja kwacha.

Zithunzi zimasintha ulamuliro ukasintha. Ku Aegina, kamba wa m'nyanja analowedwa m'malo ndi kamba wa kumtunda cha pakati pa zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe, ndipo akatswiri ambiri amagwirizanitsa kusinthaku ndi kugonja kwa chilumbacho kwa Athens, pamene chinalandidwa zombo zake. Kuno tambala wakuda analinso chizindikiro cha chipani cha Malawi Congress. Anthu atasankha ndale za zipani zambiri m'chaka cha 1993, ndipo boma litasintha m'chaka cha 1994, ndalama ya 1 tambala ya m'chaka cha 1995 inatuluka ndi nsomba ziwiri m'malo mwa tambala, ngakhale dzina linatsala. Mutu wa Dr Bakili Muluzi unakhala pa ndalama kwa kanthawi. Kuyambira m'chaka cha 1997 ndalama zapepala zinatenga nkhope ya Mbusa John Chilembwe, ndipo m'chaka cha 2012 panawonjezeka Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II, Inkosi ya Makhosi Gomani II, James Sangala, Rose Chibambo ndi Dr Banda. Ndalama zachitsulo za chaka chimenecho zinakhala ndi chizindikiro cha boma, osati mutu wa mtsogoleri wamoyo. Pamenepa dziko linayandikira maganizo a mizinda yakale ija, akuti ndalama ndi ya anthu onse.

Komabe pali kusiyana kwakukulu kumene womvera aliyense ayenera kukumvetsa. Kadzidzi wa ku Athens anali siliva weniweni. Boma likagwa, mwini ndalama ankatha kuisungunula n'kutsala ndi chuma chake. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ankatero akale. Ndalama ya lero ndi pepala kapena chitsulo wamba, ndipo yambiri tsopano imangokhala manambala pa foni. Yonse yatsamira pa lonjezo la Reserve Bank of Malawi, imene inayamba ntchito m'chaka cha 1965, ndiponso pa zimene dziko limakolola ndi kugulitsa kunja. Laurion wa dziko lino ndi minda ya fodya, tiyi, nzimbe, mtedza ndi soya. Dziko likagula kunja zambiri kuposa zimene lagulitsa, chithunzi pa ndalama sichisintha, koma m'kati mumapepuka. M'chaka cha 1971 kwacha imodzi inali masheleni khumi, ndalama yolemekezeka. M'mwezi wa November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa, mtengo wa dola n'kukwera ndi 44 peresenti pa tsiku limodzi, ndipo mlimi wa ku Dowa anamva zimenezi pa mtengo wa thumba la feteleza. Tambala, amene dzina lake linalengeza ufulu, sagulanso ngakhale kabokosi ka machesi, ndipo ana ambiri sanamugwirepo.

Phunziro lachitatu likuchokera ku Cyrene. Chomera cha silphium chinkamera chokha m'kadera kakang'ono, ndipo anthu sanathe kuchilima. Chinazulidwa ndi kudyedwa ndi ziweto mpaka, pofika m'zaka 100 zoyamba Khristu atabadwa, chinasoweratu. Lero anthu amadziwa maonekedwe ake makamaka kuchokera pa ndalama. Mzinda unachilemekeza pa siliva koma sunachisunge m'nthaka. Dziko la Malawi laika pa ndalama zake chimanga, njovu, nkhwazi ndi nsomba. Chambo chachepa m'nyanja, njovu zatsala m'malo otetezedwa monga Kasungu, Nkhotakota ndi Liwonde, ndipo mapiri ambiri a Dowa ayera, kusiya nkhalango ya pa phiri la Ntchisi ngati chilumba pakati pa minda. Nkhalango ikatha mitsinje imaphwa, nthaka imakokoloka, ndipo chimanga cha pa ndalama chimasanduka chithunzi chabe.

Kadzidzi uja sanafe. M'chaka cha 2002 dziko la Greece linasiya drachma n'kuyamba kugwiritsa ntchito euro, koma pa ndalama yake ya 1 euro linadindapo kadzidzi yemweyo ndi kanthambi kake ka azitona. Drachma inatha kwawo, koma dzina lake likadali m'kamwa mwa Achewa.

M'midzi yambiri ya Dowa ndi Ntchisi muli agogo amene anasunga khobidi loboola, tiki kapena sheleni ya chimanga pansi pa sutukesi. Ndalama zimenezo sizingagule kanthu, koma zisatayidwe kapena kupatsidwa ana kuti aziseweretsa pa dothi. Aphunzitsi angathe kuzibwereka ndi kuziyala pa tebulo motsatana zaka, kuti ana aone mfumu ya ku Britain, njovu za Chitaganya, tambala wa ufulu ndi nsomba za m'chaka cha 1995. Kenaka awafunse anawo mafunso awiri amene wamalonda wa ku Athens ankadzifunsa asanalandire siliva: ndani walonjeza pa ndalama iyi, ndipo ali ndi chiyani chokwaniritsira lonjezo lakelo?